Afiti ovala yunifolomu ya anamwino: mkangano umene Macbeth wa pa TV wautsa kwathu kuno

Loweruka lina teremu yathayi tinatseka mazenera a holo ya pasukulu pathu ndi zitenje ndi makatoni, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma. Pulojekita inali yobwereka, sipika tinakatenga kwa mnyamata wina woimbitsa pa maukwati. Kunja dzuwa la Mangochi linali likuswa mtengo, m'katimo thukuta lili kamukamu, koma palibe mwana amene anadandaula. Ana a Fomu 4 anali atatha miyezi akulimbana ndi Macbeth, sewero la William Shakespeare limene ophunzira akhala akuwerenga pokonzekera mayeso a MSCE, ndipo ine ndinkafuna kuti aone anthu enieni akuyankhula mawu aja amene amawazunguza mutu papepala. Ndinasankha Macbeth amene anaulutsidwa pa TV m'chaka cha 2010, wokonzedwa ndi Rupert Goold, momwe Patrick Stewart ndi Macbeth ndipo Kate Fleetwood ndi mkazi wake.

Kanemayu amayambira m'chipatala cha kunkhondo, m'makonde amdima a pansi pa nthaka. Msilikali wovulala ali pamachira a matayala, magazi ali chuchuchu, akufotokozera mfumu Duncan mmene nkhondo yayendera. Anamwino atatu akumusamalira. Mfumu itangochoka, anamwinowo amutsiriza msilikali uja n'kumuzula mtima. Apa m'pamene woonera amazindikira kuti anamwinowa ndiwo afiti atatu aja a m'buku. Atsikana a kutsogolo anakuwa, ena n'kubisa nkhope m'manja. Mnyamata wina kumbuyo anaimirira: "Aphunzitsi, mwatenga filimu ina, iyi si ya Macbeth!" Mnzake ataona dazi la Patrick Stewart anati ndi mkulu uja wa mu X-Men, holo yonse n'kufa ndi phwete. Patapita ola kuseka kunali kutatheratu.

Nkhaniyi sinathere m'holomo. Inafika m'chipinda cha aphunzitsi, inafika kwa makolo, inafikanso kwa achemwali anga amene ndi namwino. Mpaka lero anthu akukanganabe, ndipo ndaona kuti akukangana pa zinthu zosiyanasiyana ngakhale onse akutchula kanema mmodzi yemweyo.

Dandaulo loyamba, limene ndi la ana ambiri ndi aphunzitsi ena, ndi lakuti kanemayu wasokoneza buku. M'buku muli malupanga, akavalo ndi nyumba zachifumu za ku Scotland. M'kanema muli mfuti, majasi a asilikali, chikepe chachitsulo chokwera ndi kutsika, ndipo Banquo, msilikali mnzake wa Macbeth, amaphedwera m'sitima yapamtunda. Dziko lonse likuoneka ngati Soviet Union ya nthawi ya Stalin. Mphunzitsi mnzanga anandiuza mosabisa kuti mwana akakalemba pamayeso kuti Banquo anafera m'sitima, mlandu udzakhala wanga. Pamenepo akunena zoona, ndipo Lolemba lake ndinatha phunziro lonse tikusiyanitsa za m'buku ndi za m'kanema. Koma mawu akuti "Macbeth weniweni" ndi ofunika kuwaunika bwino, chifukwa Shakespeare mwini wakeyo ndiye anali woyamba kusokoneza nkhaniyi.

Macbeth anali munthu weniweni, analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057. Duncan sanamuphere pabedi ali mlendo m'nyumba mwake monga zilili m'sewero, anamugonjetsa kunkhondo kufupi ndi Elgin, ndipo Duncan wake sanali nkhalamba. Zaka 17 zaulamuliro si zochepa m'nthawi imeneyo, ndipo mu 1050 Macbeth anali ndi mtendere wokwanira kusiya dziko n'kupita ku Rome. Shakespeare, polemba sewero lake cha m'ma 1606, anatenga nkhaniyi m'buku la mbiri la Raphael Holinshed n'kuipinda mmene anafunira. Mwa Holinshed, Banquo ali nawo pachiwembu chopha Duncan. M'sewero ndi munthu wosadetsa manja. Chifukwa chake sichovuta kuchiona: mfumu ya nthawiyo, James, imene inalowa ufumu wa England mu 1603 ikuchokera ku Scotland, inkatengedwa kuti ndi chidzukulu cha Banquo, ndipo gulu la zisudzo la Shakespeare linali pansi pa dzina la mfumu yomweyo. Ndani angaimike kholo la bwana wake pabwalo ngati chigawenga?

Ngakhale buku lenilenilo linatuluka mochedwa. Macbeth anasindikizidwa koyamba mu 1623, Shakespeare atatha zaka 7 ali m'manda. Seweroli linalembedwera pakamwa pa ochita zisudzo, pabwalo la Globe lopanda denga pakati, masanasana, anthu ambiri ataimirira. Mbali za akazi ankasewera anyamata. Usiku umene Duncan amaphedwa unkapangidwa ndi mawu ndi miyuni yokha, dzuwa likuwala. Choncho aliyense amene waimikapo seweroli kuchokera nthawi imeneyo wakhala akusankha yekha zovala, malo ndi zodula. Welcome Msomi wa ku South Africa analisamutsira kwa Azulu mu 1970 n'kulitcha uMabatha, ng'oma ndi mikondo zili momwemo, mpaka linakaonetsedwa ku London mu 1972. Za mfuti ndi sitima ine sizindidetsa nkhawa. Mawu amene akuyankhulidwa m'kanema wa 2010 ndi a Shakespeare omwe aja.

Chimene chimasintha kwenikweni sewero likachoka pabwalo kupita pa TV ndi maso. Aliyense amene anaonerapo mpikisano wa zisudzo za m'sukulu wa ATEM akudziwa kuti m'holo umayang'ana kumene wafuna. Wina akuyankhula kutsogolo, iwe ukhoza kumayang'ana wantchito amene wangoima pakona. Pa wailesi, monga tinkamvera Sewero la Sabata Ino, nkhope za anthu umaumba wekha m'mutu. Pa TV zonsezi wakulanda ndi kamera. Ikafuna uone dzanja likunjenjemera, uona dzanja basi. Ikafuna uone kuti kuseri kwa mfumu kwaima munthu, sungachitire mwina. Ana anga atafunsa chifukwa chake kanemayu alibe womasulira m'Chichewa monga mafilimu a m'mavidiyo a kumsika, ndinawakumbutsa kuti womasulira uja samangomasulira. Amakuuza woipa ndi uti filimu isanafike pakati, amapatsa anthu maina akeake, amakuseketsa pamene mwini filimu sanaike nthabwala. Kamera imachita ntchito yomweyo, kungoti imachita mwakachetechete moti suizindikira.

Mphamvu imeneyi ikagwira bwino ntchito imachita zodabwitsa. Pali malo amene Macbeth akulemba ganyu anthu oti akaphe Banquo. M'kalasi ana amawerenga ndime imeneyi ngati mndandanda wa zogula. M'kanema Patrick Stewart amayankhula mawuwo ali kukhitchini, akudzikonzera sangweji, mpeni uli m'manja, modekha ngati akukamba za mtengo wa chimanga, mpaka kugawirako anthu akewo. M'holo munangoti zii. Mtsikana wina anandiuza pambuyo pake kuti apo m'pamene anayamba kumuopa, kuposa pamene panali magazi. Palibe ndemanga ya m'buku la mayeso imene ikanamuphunzitsa zimenezo.

Koma mphamvu yomweyo ndi imene yabweretsa vuto limene likundisowetsa tulo, ndipo vutolo ndi la afiti.

M'buku akazi atatuwa amaoneka malo ochepa. M'kanema wa Goold ali paliponse. Ndi anamwino kuchipatala, ndi antchito kukhitchini, ndiwonso akuperekera chakudya paphwando limene mzukwa wa Banquo umatulukira. Macbeth akapita kukafunsira kachiwiri, amawapeza kumochale, ndipo mayankho amachokera m'mitembo yokulungidwa m'matumba. Kamera imangokubwezera kwa iwo. Zotsatira zake ndinaziona Lolemba. Nditafunsa kuti anapha Duncan ndani, theka la kalasi linayankha kuti Macbeth anachita kulodzedwa. Ena anati mkazi wake anamudyetsa kondaine, anamuika m'botolo. Mnyamata wina wanzeru zake anati, "Aphunzitsi, munthu woti afiti amutsata mpaka kukhitchini angatani? Si kufuna kwake."

Tinatsegula buku. Ndinawapempha kuti andipezere mzere umodzi wokha pamene afitiwo akuuza Macbeth kuti aphe munthu. Anafufuza mpaka belu linalira, sanaupeze, chifukwa mulibe. Amangomulonjera ndi maudindo atatu: wa Glamis umene ali nawo kale, wa Cawdor umene wapatsidwa iye asanamve, ndi ufumu wa mtsogolo. Ganizo lakupha limabwera m'mutu mwa Macbeth momwemo, m'chigawo chomwecho, asanaonane n'komwe ndi mkazi wake. Banquo anali pomwepo, naye anauzidwa kuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanasolole mpeni. Ulendo wachiwiri ndi Macbeth amene amanyamuka kukawafuna akaziwo, monga munthu wopita yekha kukaombeza maula. Amamuchenjeza za nduna ina dzina lake Macduff, inde, koma zoti akaphe mkazi wa Macduff ndi ana ndi nzeru yake yekha, atamva kuti mwini nyumba wathawira ku England.

Pali ndime ina imene ana a kunyanja kuno anaimva msanga kuposa mmene ndinkayembekezera. Mmodzi wa afitiwo akudzitama kuti akazunza mwamuna wina woyendetsa chombo chifukwa mkazi wake anamumana chakudya. Akuti amutumizira mphepo, amusowetsa tulo, amuwondetsa. Koma akuvomera yekha kuti chombocho sangachimize. Mwana wa msodzi wa ku Malindi anakweza dzanja n'kunena kuti ndiye kuti ali ngati mwera: umakuzunza usiku wonse, koma wogwira nkhafi ndi iwe. M'buku lonse afitiwa sapha munthu ndi manja awo. Msilikali wovulala uja Duncan amalamula kuti apite naye kwa madokotala, nkhani yake n'kuthera pomwepo. Kumupha ndi kumuzula mtima ndi zoonjezera za kanema.

N'chifukwa chiyani Goold anachita zimenezi? Mmene ndikuonera, anali ndi vuto la anthu a kwawo. Mu nthawi ya Shakespeare ufiti unali nkhani ya moyo ndi imfa. Mfumu James inakhulupirira kuti afiti anautsa namondwe panyanja kuti amize iyo ndi mkazi wake, inakhala nawo pofunsa oganiziridwa ku North Berwick mu 1590, inalemba buku la za ziwanda mu 1597, ndipo mu 1604 England inakhwimitsa lamulo lolanga ufiti. Woonera wa nthawi imeneyo ankachita tsemwe akangoona nkhalamba zitatu pamphika. Mngelezi wa 2010 akhoza kuseka. Ndiye kuti amuopseze, Goold anafuna malo amene munthu wamakono amagona wopanda mphamvu, moyo wake uli m'manja mwa mlendo, ndipo malowo ndi bedi la m'chipatala. Seweroli linayambira pabwalo ku Chichester mu 2007, linapita ku London ndi ku New York, kenako n'kujambulidwa m'makonde a pansi a Welbeck Abbey. Kwawoko linatamandidwa kwambiri.

Kuno mankhwala omwewo agwera pabala lina. Achemwali anga atamva kwa ana a moyandikana nawo zimene ndinaonetsa, anabwera kunyumba madzulo asanavule n'komwe yunifolomu. Sanakhale pansi. "Achimwene, mukudziwa zimene mwachita? Ife tikuvutika kunyengerera amayi kuti abwere ndi ana kukatemera, kuti alole kutengedwa magazi, inu mukuonetsa ana namwino akuzula mtima wa wodwala?" Ndinayesa kunena kuti ndi sewero chabe. Anandikumbutsa za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufalikira m'maboma ena, anthu n'kuphedwa pongoganiziridwa, ogwira ntchito zachipatala n'kumaopa kuyenda ndi zipangizo zawo m'midzi, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake kwa kanthawi. Ndinasowa choyankha. Chimene ku England ndi luso la wojambula, kuno ndi chithunzi cha mphekesera imene inaphetsa kale anthu.

Ndipo yankho lija la ana, lakuti Macbeth anachita kulodzedwa, si nkhani ya mayeso okha. Ndi yankho lomwelo limene limamveka pamaliro ambiri. Mu January 2016 ku Neno, mphenzi itapha mtsikana, anthu okalamba anayi anaphedwa powaganizira kuti ndiwo anaitumiza. Lamulo lathu la za ufiti, la 1911, limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti, komabe agogo akupitiriza kuthamangitsidwa m'midzi ndi adzukulu awo omwe. Sindikulemba pano kuti nditsutse kapena kuvomereza zimene munthu amakhulupirira. Ndikunena kuti sewero la Shakespeare, lolembedwa pansi pa mfumu yosaka afiti, linasamala kwambiri kusiya mpeni m'dzanja la Macbeth, ndipo kanemayu, pofuna kuopseza, wachititsa ana anga kuiwala dzanjalo n'kumayang'ana akazi atatu aja. Apa ndiye pamene ndikumuimba mlandu, osati pa sitima ndi mfuti.

Njira ina inalipo. Trevor Nunn anaimika Macbeth ku Stratford mu 1976, Ian McKellen ndi Judi Dench ali patsogolo, ndipo anajambulidwa n'kuulutsidwa pa TV mu 1979. M'menemo mulibe nyumba, mulibe nkhalango, mulibe chilichonse. Ochita sewero akhala mozungulira bwalo laling'ono mumdima, monga timakhalira pomvera nthano, ndipo kamera imakakamira pankhope. Afiti alipo, ndi oopsa ndithu, koma ndi akazi osauka atatu, ndipo nthawi yambiri woonera amakhala akuyang'ana m'maso mwa mwamuna ndi mkazi amene akudziwa bwino chimene akuchita. Mkazi wa Macbeth akamayenda kutulo akupukuta m'manja, kulira kumene Judi Dench amatulutsa kumakuuza kuti palibe anamulodza, chikumudya ndi chimene anachita.

Komabe sindinganene kuti ndikanakonda ndikanapanda kuonetsa wa 2010, ndipo chifukwa chake ndi bambo amene amalondera pasukulu pathu. Ndi munthu wachikulire, kwawo ndi kutsidya kwa Shire, Chingelezi amangotolako apa ndi apo. Tsiku lija anaima pakhomo la holo ndi ndodo yawo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ana atabalalika, tikupinda nsalu, anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, bambo uja anathawira kunja, ana ake n'kuphedwa, anabwerera?" Ndinati anabwerera, ndiye anapha mfumu yankhanzayo. Anagwedeza mutu. "Wathu uja sanabwerere."

Ankanena Henry Masauko Chipembere. Nduna zitasemphana ndi Kamuzu Banda mu 1964, Chipembere anabwerera kwawo kuno, ndipo mu February 1965 anthu ake analanda boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, n'kuyamba ulendo wa ku Zomba. Anakatsakamira pa Liwonde, pomwe panali poolokera Shire. Iye anatuluka m'dziko n'kukamwalira ku America mu 1975. Otsala ndiwo analipira. Midzi inatenthedwa, anthu anatengedwa n'kukasungidwa zaka popanda mlandu kuzengedwa. Bambowa anali mwana nthawi imeneyo. Anandiuza kuti chimene anachizindikira m'kanemamo si afiti ayi. Ndi chithunzi chachikulu cha mtsogoleri chopachikidwa pakhoma, ndi alendo a paphwando akuseka mokakamiza uku akuyang'anana m'mbali, ndi anthu obwera pakhomo la mayi amene mwamuna wake wathawa.

Zimenezo zilimo m'buku, kungoti ine ndinali ndisanaziphunzitsepo bwino. Macbeth amauza mkazi wake kuti m'nyumba ya nduna iliyonse ali ndi wantchito amene amamulipira kuti azimuuza zonse. Pali chigawo chimene nduna ina, Lennox, amayankhula mozungulira, kutamanda mfumu ndi mawu amene womva aliyense akudziwa kuti akutanthauza zina, ndendende mmene makolo athu ankayankhulira akazitape ali pafupi. Nduna inanso, Ross, amafotokoza Scotland ngati dziko limene maliro achuluka mpaka anthu aleka kufunsa kuti wamwalira ndani. Ana obadwa zipani zambiri zitabwera kale amadutsa mizere imeneyi osaima. Malupanga ndi zovala zamakedzana zikanawauza kuti izi ndi za azungu akalekale. Majasi a asilikali ndi chithunzi chapakhoma zinachititsa munthu wosamva Chingelezi kutsata nkhani yonse, ndipo ndi kamera yomwe ija imene inamuonetsa nkhope za anthu amantha mmodzimmodzi.

Ndiye anthu akandifunsa ngati kanemayu ndi wabwino kapena woipa, ndimayankha kuti pa nkhani ya ulamuliro wankhanza anaona patali kuposa mabuku athu a ndemanga, koma pa nkhani ya afiti analemetsa mbali imene Shakespeare anaipepuza dala, ndipo kuno kulemetsa kumeneko kuli ndi mtengo wake. Amene akuti tisamaonetse ana zinthu zotere sindigwirizana nawo. Ana omwewa amaonera zoopsa kuposa izi pa mafoni ndi m'mavidiyo, popanda wowafunsa funso ngakhale limodzi. Cholakwa changa chinali kuyatsa pulojekita ndisanawakonzekeretse, ndisanawauze kuti anamwinowa ndi maganizo a munthu mmodzi wa ku England, ndipo kuti ayang'anitsitse amene wagwira mpeni.

Teremu ikubwerayi ndikufuna kuonetsa zigawo za afiti zokha, za 1979 ndi za 2010 motsatizana, buku lili lotsegula pamiyendo. Achemwali anga avomera kubwera kudzayankhula ndi ana, ati adzabwera atavala yunifolomu. Bambo olondera aja ndinawapemphanso kuti adzafotokozere kalasi zimene anandiuza. Anakhala chete nthawi yaitali, akukanda pansi ndi ndodo yawo, kenako anati ayambe akafunsa alongo awo, chifukwa amene anatengedwa chaka chimenecho anali amuna awo a alongo awowo.